Buku la ku China linakana kulowa m'bokosi

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunena zoona sindinagone, ndinangotsamira thumba la mtedza m'chigafa momwe amuna tinachezera maliro a mng'ono wanga. Unali mwezi wa Julaye, mwera ukulowa mpaka m'mafupa. Ndinadzutsa adzukulu ndi pakamwa pangapa, paja ine ndikaitana munthu amamva ndi a tsidya la dambo omwe. Anatenga makasu awo n'kulowera kumanda.

Womwalirayo anali wopondana nane, mphunzitsi wopuma pantchito. Bambo athu anasankha iye kuti apitirize sukulu, ine ndinalekera sitandade 2 n'kumaweta ng'ombe. Ngakhale izi ndikulemba chilembo chimodzichimodzi, mundipirire. Koma mwini maliro ndinali ine, ndipo palibe chinkayenda ndisanavomere.

Kutayera, amayi anayala mafuwa kuseri kwa nkhokwe, utsi n'kusakanikirana ndi nkhungu. Anyamata anaika masamba pamsewu, a njinga n'kumatsika podutsa. Anthu anabwera a pangolo, a pakabaza, ena palole kuchokera ku Msundwe. Ndinaima panjira kuwalozera pokhala. Mtima unkakondwa kuti banja lathu ndi lodziwika.

Kenako kunafika kagulu kena, anthu ngati khumi ndi awiri, akuyenda pamodzi ngati apachibale. Munali amayi a mpingo, alimi a fodya, ndi bambo wina wachisilamu wa sitolo ku Nsaru. Ndinawadziwa. Awa ndi anthu a buku.

Bukulo linabwera ndi mwana wamkazi wa malemuyo, yemwe amagwira ntchito m'tauni. Lachingerezi, lalikulu ngati njerwa. Analemba ndi munthu wa ku China, kusimba za banja la kwawo pamene boma la chikomyunizimu linatenga minda ya anthu, kuwalanda miphika, n'kuwauza kuti mudzi wonse uzidyera pamodzi, mpaka njala inawagwera. Bambo wa wolembayo anamangidwa chifukwa cha mawu amodzi, abale ake n'kuuzidwa kuti amukane. Lamlungu lililonse masana mng'ono wanga ankawawerengera anthu amenewa pansi pa mango, akumasulira m'Chichewa. Ankalira, amayi mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Kulirira Tchaina amene sanamuonepo!

Ine ndinapitako kamodzi kokha. Nanga ine sindinamangidwe? Nthawi ya chipani chimodzi anandigwira pamsika chifukwa ndinanena mokweza kuti khadi silimera m'munda. Ndinakhala m'ndende chaka ndi miyezi iwiri, mano atatu ndinasiya komweko. Mng'ono wanga, yemwe anali atangoyamba kumene uphunzitsi, sanadzandione ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpaka imfa yake sitinakambepo. Ndikayamba kusimba zanga pamowa anthu amati, “Ayambanso akuluwa.” Koma za ku China ankachita kubwerera pakabaza kudzamva.

Dzuwa litakwera, wa sitolo uja anadza kudzanjuta pafupi nane. Anapepesa bwinobwino, kenako anati, “Akulu, tili ndi pempho. Bukulo tinatsala ndi masamba ochepa kuti timalize. Sitikudziwa ngati bambo uja anatuluka m'ndende. Tikadapempha kuti mwana wa malemu adzatimalizire.”

“Ine ndinatuluka,” ndinatero. “Munandifunsapo kodi?”

Ndinakweza mawu kuti enawo amve. “Munthu amapita ndi chimene ankakonda. Bukulo limperekeza.”

Mwana wa malemu anandilondola mpaka pakhomo, maso ali ofiira. Anati, “Bambo aakulu, musatero.” Ndinamuuza kuti zamaliro sizikambidwa ndi ana. Ndinalowa kuchipinda n'kulitenga pawindo pomwe mng'ono wanga ankaliika, lili ndi khoko la chimanga posonyeza pomwe analekera.

Anthu atatha kuona nkhope, m'nyumba tinatsala ine ndi adzukulu anayi. Ndinaika bukulo pachifuwa pa mng'ono wanga n'kuwauza kuti atseke. Chivundikiro chinakana. Kalipentala anali atapanga bokosi losaya. Anayesa kumapazi, malo panalibe. Mkulu wa adzukulu, paja iwo saopa kuseka pamaliro, anati, “Mdala, Tchainayu akuti alibe chiphaso cholowera kumanda kwathu.”

Ndinalitsomphola mwaukali, ndipo linatseguka m'manja mwanga. M'mphepete mwa tsamba munali zolemba za pensulo, ndipo ndinaona dzina langa. Chingerezi sindichidziwa, koma dzina langa ndimalidziwa ngakhale litatembenuzidwa. Ndinatsegula kwina, dzina langa. Kwinanso, dzina langa. Ndinalibisa m'kati mwa chijasi changa n'kuuza adzukulu kuti akhomere misomali, ndipo pakamwa pawo patsekeke ngati bokosilo.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Kwaya patsogolo, bokosi pakati, ife pambuyo. Mphepo inkaulutsa fumbi ndi mapesi m'minda yokololedwa. Njira yonse njerwa ija inkandigunda m'nthiti, ine ndikuyenda dzanja lili pachifuwa. Anthu ankati akuluwa chisoni chawagwira.

Kumanda ndinayankhula m'malo mwa banja, ndipo mawu anga anamveka mpaka kumapeto kwa khamu. Anthu anangomvera, osagwedeza n'komwe mutu. Kenako abusa anapereka mpata kwa mayi wina wa kagulu kaja, wamawu aang'ono ngati a mwanapiye. Anati aphunzitsi asanawawerengere bukulo iye ankaganiza kuti njala ndi mantha ndi zathu zokha anthu akuda, koma tsopano akamapemphera amatchulanso banja lija. Anatinso mathero a bukulo apita ndi aphunzitsi, adzamvera kumwamba. Pamenepo manda onse anabuula. Wa sitolo anatembenuka n'kupukuta m'maso. Ndinali ndi mphamvu yowatonthoza ndi mawu amodzi okha. Sindinanene. Mumtima ndinati alawekonso kukhala osadziwa.

Madzulo anthu anabalalika. Mafuwa anazizira, mabenchi a tchalitchi anabwerera pangolo. Alamu anga, mkazi wa malemuyo, anagona tulo ta kutopa pamphasa. Pakhomo panangoti zii, kupatula mbuzi zomwe zinkatola zotsala. Ndinakhala pakhonde la kwanga, kuwala kusanathe, n'kutulutsa bukulo.

Zapensulozo zinali m'Chichewa. Ndinaika chala pansi pa mawu, n'kumatchula pang'onopang'ono. Poyamba mng'ono wanga analemba dzina langa n'kuti, “Anawatenga chonchi, pamsika, anthu akuona.” Patsamba lina: “Mano.” Pena analemba motalikirapo, ndipo panandidyera nthawi. “Anandifunsa kusukulu ngati ndi abale anga. Ndinati bambo awo ndi ena. Ndinkaopa ntchito.”

Ndinabwerezanso kawiri kuti mwina ndaphonya chilembo. Sindinaphonye.

Zaka zonsezi nyumba zathu zinali zoyang'anizana. M'mawa uliwonse ankandipatsa moni, kubwereka nkhwangwa, kufunsa za mvula. Khutu langa linali pompa, lalikulu, laulere. Koma iye anakauza Tchaina wa papepala.

Ndinaitana mwana wa malemu uja, amene ankasesa phulusa pabwalo. Ataona bukulo anagwira pakamwa. Ndinati, “Ukawauze anthu ako abwere Lamlungu, pakhonde pano, osati pamango. Udzawawerengere za bambo wawo uja, amve ngati anatuluka.”

“Nanga zapensulozi, bambo aakulu?”

“Uzidumphe. Za ku China ndi zawo. Izi analembera ine.”