Dzina Lakhumi pa Pepala la a Cadwaladr

A Idwal Prydderch, amene kuno ku Rhiwgoch timangowatchula kuti Idwal wa Msewu, sanakanepo munthu chibadwire. Ukawabwereka fosholo ankakupatsa ndi wilibala yomwe. Ntchito yawo inali kusesa ndi kukwirira maenje mumsewu wochokera kumgodi wa miyala yofolera kukafika pamlatho. Kaya mvula kaya chisanu, iwo ali pomwepo, chisaka paphewa.

Mnzawo wa pamtima anali a Ithel Cadwaladr a pasitolo, khansala wathu kuyambira 1919. Iwo ankati alibe chipani, koma ndani sankadziwa kuti ndi a Libero ngati malemu bambo awo? Awiriwa anakulira limodzi, ndipo zaka makumi anayi ankakhala benchi imodzi m'tchalitchi, mbali ya oimba besi. Abusa akangoti "mfundo yachiwiri", a Ithel ankapisa m'thumba n'kutulutsa switi ziwiri zoyera, zozizira m'kamwa zija. Imodzi yawo, inayo n'kuikankhira kwa a Idwal osacheuka n'komwe. Ngakhale nthawi ya nkhondo, shuga akugawidwa ndi makadi, switi ya a Idwal sinadumphepo Lamulungu.

Wofuna ukhansala amayenera kupereka pepala lokhala ndi mayina khumi a ovota. A Ithel anali ndi khumi awoawo, ndipo lomaliza nthawi zonse linali la a Idwal. "Bwera udzatseke chitseko, iwe," ankatero akuwapatsa cholembera. Opikisana nawo kunalibe, basi ankangodutsa.

Kenaka nkhondo inatenga Elfed, mwana mmodzi yekhayo wa a Idwal ndi akazi awo a Ceinwen. Anatsikira kuli chete ku Italiya. Amene anabwerako ndi mnzake, Meurig Anwyl, khutu limodzi litagontha, m'thumba muli mpeni waung'ono wa Elfed ndi mtima wodzaza za chipani cha Leba. Anyamata onse a kumgodi anali pambuyo pake.

Masankho atabwerera mu Malichi 1946, Meurig anagogoda kwa a Idwal Lolemba, nthawi ya tiyi. Khoma la pakati pa nyumba yathu ndi yawo n'lopyapyala, si kuti munthu amamvetsera dala.

"Bambo, ndabwera ndi kapepala. Latsala dzina limodzi."

"Koma mwanawe, ine ndine wa Ithel. Ukudziwa."

"Voti yanu mudzawapatse, bambo, sindikuilanda. Apa mukungovomera kuti nane ndiime. Zaka zisanu tagona m'matope, tibwere tidzapeze denga la sukulu likudonthabe pomwe linkadonthera ine ndi Elfed?"

Dzina lija litangotchulidwa, kunamveka kukwekwesa kwa mpando, ndi a Idwal akufunsa komwe kuli magalasi awo.

Meurig atapita, a Ceinwen anayamba. "Bambo a Elfed, mukawauze a Ithel lero lomwe."

"Ndikawauze chiyani? N'ulemu chabe uwu. Aliyense aime, anthu asankhe."

"Inu ndi ulemu wanuwo! Tsiku lina mudzabwereketsa ndi buluku lomwe mwavalalo."

A Idwal anapitadi kusitolo, kawiri konse. Ulendo woyamba anabwerako ndi machesi. Wachiwiri anaima pakhomo, n'kuyamba kusesa ngalande yosesa kale.

Lachinayi a Ithel anatulukira ndi pepala lawo, akuseka. "Wamva za tianyamata ta Lebati? Akuti abweretsa madzi a m'mipope nyumba iliyonse. Mawa adzati abweretsa ndi dzuwa! Bwera udzatseke chitseko, iwe."

A Idwal anayang'ana a Ceinwen. A Ceinwen anayang'ana ketulo. Ndipo bambo aja anasaina.

Chimene sankadziwa n'chakuti munthu saloledwa kusainira anthu awiri pa mpando umodzi. Dzina limawerengedwa pa pepala lofika poyamba. Adziwe bwanji, poti chibadwire anali asanaonepo mapepala awiri? Meurig anapereka lake Lachitatu. A Ithel, mwa chizolowezi chawo, anakwera basi Lachisanu atavala chipewa cha kumaliro, n'kukafika kuboma patatsala mphindi khumi kuti nthawi ithe. Kalaliki anawerenga, n'kuwerenganso, n'kuti mayina ndi asanu ndi anayi. M'tauni monsemo munalibe wovota wa kwathu woti aitanidwe.

Motero chisankho sichinachitike. Meurig anangodutsa, monga ankadutsira a Ithel. Madera ena a kumigodi a Leba anapambana ndi mavoti, magulu a zitoliro akuimba m'misewu. Kwathu anapambana ndi cholembera cha Idwal wa Msewu. Meurig yemwe sanasangalale. Anabwera chipewa chili m'manja. "Bambo, ndimafuna kuwagonjetsa pa voti, osati chonchi." A Idwal anangomuthirira tiyi.

Tonse tinkadikira mkangano, koma sunabwere, ndipo bola ukanabwera. Loweruka m'mawa a Idwal anaima pasitolo ndi tsache lawo.

"Ithel, mnzanga, sindimadziwa."

A Ithel anapitiriza kuyala zitini pawindo. "Za lamulo nanenso sindimazidziwa. Koma zoti mwasainira mnyamata uja, munkadziwa. Lachinayi munandiyang'ana ndikuseka." Anapukuta manja pa epuloni. "Mugula kanthu, bambo Prydderch?"

Bambo Prydderch! Munthu amene ankaba naye maapozi a abusa ali ana.

Lamulungu onse anakhala pamalo awo, pakuti kuno munthu sasintha benchi ngakhale zitavuta bwanji. Anaimba besi yawo bwinobwino. Abusa atati "mfundo yachiwiri", a Ithel anapisa m'thumba, n'kutulutsa switi imodzi. Mpingo wonse unaona, ngakhale aliyense anali maso kwa abusa.

Tsopano papita zaka zitatu. Denga la sukulu analikonza, mipope ikubwera, ndipo a Ceinwen akuti Meurig ndi khansala wabwino. A Ithel aonda, jekete likungolendewera. Pa masankho a chaka chino sanatenge n'komwe pepala. A Idwal amasesabe pakhomo pa sitolo m'mawa uliwonse, mosamala kuposa pena paliponse, n'kulandira "Zikomo, bambo Prydderch" wawo.

A Idwal makadi awo a switi amakagulira kusitolo ina ya kumlatho, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Lamulungu lililonse, pa mfundo yachiwiri, amaika switi imodzi pabenchi n'kuikankha pang'onopang'ono mpaka pakati. Amene timasesa m'tchalitchi Lolemba timaipeza pomwepo. Poyamba tinkaitaya. Masiku ano timaiika m'kabotolo kuseri kwa guwa, ndipo kabotoloko katsala pang'ono kudzaza.