A Eneya ndi Mphira wa Pansi pa Pikapu

A Eneya Mbewe anabadwira kufupi ndi Guilleme, m'banja la alimi a mtedza, koma khasu silinawalowe mumtima. Ali mnyamata analembedwa ntchito pa esiteti ina ya fodya cha ku Ludzi, kumene ankathandiza oyendetsa thalakitala. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kuti galimoto siifa ndi injini yokha. Nthawi zambiri imaphedwa ndi kamwala kamene tayala lagenda, kakadula waya pansi pomwe munthu sasuzumira.

Esiteti itatsekedwa, anasamukira ku Mchinji Boma ndi akazi awo a Consolata, n'kuyamba kudula machubu akale kuti akhale malegeni omangira katundu panjinga. Malo awo anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Maso awo anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankati ndi fumbi la m'chilimwe, kenako anasiya kuzindikira nkhope za anthu, mpaka ng'ala inatseka maso onse awiri. Mpeni okha sanausiye. M'mawa a Consolata ankawaperekeza, kuwakhazika pampando, iwo n'kupita kukagulitsa tomato.

Tsiku lina kunafika a Hashim, wamalonda amene ankagula mtedza m'midzi ndi pikapu yawo. Ankafuna malegeni omangira lona, koma pakamwa panali madandaulo okhaokha.

"Galimoto iyi yandikwana, a Mbewe," anatero a Hashim. "Dzulo yandizimira pakati pa dambo ili ndi matumba. Amakaniko alumikiza waya, koma aka si koyamba. Mvula ikangoyamba, n'chimodzimodzi."

"Mwaiimika pati?" anafunsa a Eneya. "Ndigwireni dzanja."

A Hashim anazengereza pang'ono, koma anawatsogolera. A Eneya anagwada pafupi ndi tayala lakumbuyo n'kupisa mkono m'kati mwa madigadi. Zala zinayenda m'matope ouma, zinakhudza chitsulo chodyeka ndi dzimbiri, kenako zinapeza mawaya ali lende, opanda chowaphimba. Pakati pawo panali patakakamira chitsononkho cha chimanga.

"Mumadzera njira ya m'minda ija ya ku Ludzi," anatero, akufikisa dothi ndi zala. "Tayala likamazungulira limaponyera zonse muno. Mawaya awa akugendedwa tsiku lililonse."

A Hashim anavomera. Anangoima akuyang'ana munthu wosaona akuwauza kumene galimoto yawo imayenda.

A Eneya anaitanitsa tayala lotha la lole. Anadula mphira wa m'mbali mwake, n'kuusenga mpaka unapyapyala moti n'kupindika. Muyeso wawo unali chikhatho ndi chigongono. Anabowola mabowo ndi msomali wowotcha pamoto wa makala, n'kumanga mphirawo ndi mabawuti m'kati mwa madigadi monse, wina n'kuusiya ukulendewera kuseri kwa tayala. Mawaya anawalowetsa m'payipi yakale yothirira dimba, anakulunga malegeni molumikiza monse, n'kuwakweza pamwamba pomwe mwala sungafike. Anthu odutsa ankaima kuonerera miyendo iwiri itatulukira pansi pa galimoto, mwini wake akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Dzinja lonse pikapuyo sinazimenso. Mbiri inayenda, ndipo oyendetsa matola a ku Mkanda ndi ku Kapiri anayamba kubwera, ngakhale ena ochokera kutsidya, ku Chipata. Zaka zinadutsa choncho. A Eneya ankadziwa galimoto iliyonse ndi kulira kwake, koma ntchito ya manja awo anali asanaionepo.

Chaka china a Hashim anabwera ndi uthenga wakuti kuchipatala kwafika madokotala a maso, ndipo akuchotsa ng'ala. A Eneya anakana. Ankaopa mpeni padiso, iwo amene ankakhalira mpeni.

"Bambo a Felista, pitani," anatero a Consolata, powatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba. "Kamdzukulu kanu mumangokadziwa ndi kulira."

Anapita. M'mawa mwake namwino atamasula bandeji, kuwala kunawalasa ngati singano. Kenako chifunga chinayamba kung'ambika, ndipo patsogolo pawo panali mayi wa imvi atavala chitenje chobiriwira. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwakalamba liti?" anafunsa motsitsa mawu.

A Consolata anaseka, misozi ili m'masaya.

Potuluka, a Hashim anawadutsitsa pa depoti. Pamenepo panali mapikapu mndandanda, ena akukweza fetereza, ena malata, ena anthu. A Eneya anapempha kuti aime. Anatsika n'kumayenda pang'onopang'ono kuseri kwa galimotozo. Pafupifupi iliyonse inali ndi mphira wakuda ukulendewera kuseri kwa tayala, wodulidwa mokhotetsa pangodya monga mmene dzanja lawo limakhoterera. Anawerama pa ina n'kusuzumira m'kati. Mphirawo unali ndi timabala tosawerengeka, tina takuya, pomwe miyala inkamenya zaka zonsezi. Payipi ya mawaya inali pamwamba, yopanda bala.

"Zonsezi ndinadula ndine?" anafunsa.

"Nanga ndani wina?" anayankha a Hashim.

A Eneya anatsinzina, anagwira mphirawo, n'kutsegulanso maso. Anachita zimenezo mobwerezabwereza, ngati akufuna kuti zala ndi maso zigwirizane chimodzi.

Diso litapola, a Hashim anali ndi ulendo wokatenga mtedza cha ku Guilleme, ndipo anawatenga a Eneya ndi a Consolata kuti akaone abale. A Eneya anakana kukhala kutsogolo. Anakwera kumbuyo, atavala magalasi akuda amene anapatsidwa kuchipatala, n'kugwira chitsulo cha m'mbali. Galimoto itasiya msewu wa tala, pansi panayamba phokoso limene ankalimva kwa zaka, loti go, go, go. Anasuzumira. Miyala inkatumphuka patayala, kumenya mphira, n'kugwera pansi ngati matalala. Sankadziwa kuti imachuluka chotero, kapena kuti imathamanga chotero. Atatukula mutu anaona mapiri a Mchinji ali mbuu chakumadzulo, ndipo anazizwa kuti nthawi yonseyi anali pomwepo.

Galimoto inaima m'mphepete mwa munda. Chapatali amayi angapo ankazula mtedza, ataweramira pansi. A Eneya anatsika okha, anavula magalasi, n'kuyang'anitsitsa. Mmodzi mwa amayiwo ankatsimphina mwendo wamanzere, monga ankachitira mlongo wawo kuyambira ali mwana.

"Mayamiko," anaitana.

Mlongo wawoyo anaweramuka, mtedza uli m'manja, n'kumayang'ana uku ndi uku kuti aone amene wawauza a Eneya kuti iye ali pamenepo. Panalibe aliyense pafupi nawo. Anataya mtedzawo n'kuyamba kudumpha mizere.