Una Wopanda Dothi Pakhomo

Fungo la masamba onyowa limandibwezera ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, chaka chomwe mwana wanga Esinati, namwino, anandiitanitsa kuti ndikalere mdzukulu wanga Tadala. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma pokumba mbewa, kafunseni Dedza yense, panalibe wondiposa.

Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi masitepe, kunkakhala kanyama konga gologolo koma kakang'ono, kofiirira, ka mizere yakuda ndi yoyera kumsana. Tadala ankakatchula chipimanki. Kankalonga mtedza wa m'mitengo m'masaya mpaka kutupa ngati kadwala matsagwidi, kenako n'kulowa pansi. Una wake ndiwo unandizunguza mutu: kabowo kosalala, kopanda dothi pakhomo. Mbewa ya kwathu imasiya mulu, koma aka kankakataya dothi kutali.

Ndinati mwanayu adziwe kuti agogo ake ndi ndani. Ndinatenga fosholo, n'kutsata unawo, wautali wokhotakhota. Ndinapeza chipinda choyalidwa masamba ouma, kenako china chodzaza mtedza ndi njere. Nkhokwe yeniyeni! Ndinasiya kukumba. Chisanu chinali pafupi, ndipo ine ndine mlimi, ndimadziwa tanthauzo lopasula nkhokwe njala ili pakhomo.

"Bambo, mwayamba kusaka ndiwo m'dziko la eni?" anatero Esinati pawindo.

Tadala sanaseke. Analira, n'kundilalatira m'Chingerezi chomwe sindinamve, basi n'kusiya kundiyankhula.

Ndinathira m'dzenjelo mtedza womwe ndinachoka nawo kumudzi, ndinavundikira ndi thabwa, ndinakwirira. Sinowo inagwa, kanyamako osaonekanso. Esinati ankati kamagona pansi nyengo yonseyo, kumadzuka pofuna kudya basi. Tadala sanakhulupirire. Ngakhale popita ku Indianapolis kokapemphera ndi Amalawi anzathu, ankakhala pambali panga m'galimoto, nkhope ili kuwindo. Ine wa mawu omveka kutsidya kwa dambo, ndinkangotsokomola.

Sinowo itasungunuka, m'mawa wina ndinamva kadzanja kakundikoka malaya.

"Agogo, bwerani. Katuluka."

Chichewa chokhachokha, cha mwana yemwe ankayankha aliyense m'Chingerezi. Tinakapeza kali pa mwala, kowonda, kakupukuta kumaso.

Tadala ndi wamkulu tsopano, ndipo mpaka lero amauza anzake kuti agogo anamangira kanyama kaja nyumba. Ine ndinaona kuti kanatulukira una wina, pafupi ndi mpanda, wokumba kokha. Sindimutsutsa. Nditavundukula thabwa lija, mtedza wa ku Dedza munalibe ndi umodzi womwe.