Thumba lomwe tinaliwamba ku Embakasi

Ntchito ya amuna anga itatha ku bungwe, nkhawa yathu inali imodzi: mwana wathu wamkazi amalize sekondale ku Nairobi komweko, tisamudule pakati. Mnzawo wina atawanong'oneza za geni, anatenga malipiro omaliza, kukwera basi ya ku Mombasa, n'kubwerako ndi thumba.

Nditamasula ndinalumpha. Tinthu totuwa, touma gwa, ngati chinangwa chofota. Aswahili amati jongoo bahari. Si nsomba, si mbozi. Timangogona pamchenga m'madzi osazama, pakati pa udzu wa m'nyanja yamchere, anthu n'kumatola madzi akaphwa. Ati mtundu wotuwawo ndiye wodula, ndipo wamalonda wina m'tauni ankautumiza ku Asia pa ndege zomwe zinkatisokosera ku Embakasi, dera la mu Nairobi lomwe tinkakhala.

"Zoti anthu amadya zimenezi?" ndinafunsa.

"Amayi, inu musadye," anatero amuna anga. "Mungosunga pouma."

Pouma pake pati mu Julaye wa ku Nairobi? Dzuwa osaoneka, zochapa osauma, wamalondayo ali paulendo. Tinthu tija tinayamba kufewa ndi chinyezi.

Amuna anga ndi a ku Nsanje, anakulira kuwamba milamba, ndipo pa za m'madzi sauzidwa. Anayatsa mbaula pakhonde, kuthira utuchi, kuyala waya. Ine ndinkatembenuza, tikuseka, utsi uli tolotolo, a nyumba zapamwamba akumenyetsa mawindo. Kunena zoona, tsiku limenelo tinasangalala ngati tili kwathu. Zinatuluka zakuda bii, zonyezimira. Ikanakhala milamba, bwenzi msika wonse ukutilondola.

Wamalonda atabwerako ku ulendo, tonse awiri tinakwera minibasi, zomwe kumeneko amati matatu, kukamuonetsa thumba. Wamalondayo anatola kamodzi, kununkhiza, kusindikiza ndi chala, kanang'aluka. Anati ogula ake amafuna zotuwa zomwezo, zosapserera, zosang'aluka. Sanakalipe. Anangokankhira thumba kwa ife ndi phazi, n'kuitana wina.

Kungomuimbira tisanayatse moto kukanativuta chiyani? Safunsa anadya phula, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Lamlungu titachoka kutchalitchi tinamuuza mwana kuti tikubwerera ku Malawi. Sanalire. Anangofunsa ngati yunifolomu atenge kapena asiye. Bambo ake anadzuka n'kutuluka panja, ndiye ndinayankha ndine.

"Siya, mwanangu. Kwathu amavala ina."