A Kalisto ndi mbuzi yogwa kumitambo

Mukatsika minibasi pa Chimbiya n'kulowa kanjira ka kuseri kwa ogulitsa kachewere, mupeza kanyumba kopanda mawindo, chitseko chake chabuluu. Ndi pavidiyo pa a Kalisto pamenepo. Benchi yanga ya tomato ndi anyezi inatsamira khoma lomwelo, ndiye zolankhulidwa mkatimo zimandipeza ndili khale. Sindichita kutchera khutu ayi, khomalo ndi lopyapyala.

A Kalisto kwawo ndi ku Mphunzi. Kuno anabwera chikamwini, kudzakwatira anzanga a Jestina, ndipo nyumba, dimba, ngakhale kanyumba ka vidiyoko, zonse zili pamalo a kuchikazi. Anafika ali wowonda, wokonza mawailesi, wolankhula motsitsa moti apongozi awo ankati mwina ali ndi chilonda pakhosi. Mwana anamudikira nthawi yaitali, anthu mpaka anatopa kunena. Kenako kunabadwa Wezzie, mmodzi yemweyo, pano ali sitandade folo.

Vidiyo anayamba ndi mpira ndi mafilimu a nkhonya, monga aliyense. Makatuni anabwera pambuyo, ataona kuti Loweruka m'mawa akuluakulu amakhala ali kudimba, ana akungozungulira pamsika. Chizungu a Kalisto sachidziwa kwenikweni, ndiye ankatsitsa mawu a filimu n'kumalankhula okha pa maikolofoni, nkhani n'kumaipeka poona zithunzi. Mawu a amuna anali awo. Mawu a akazi anali a Jestina, atakhala pa kireti pambali pa kanema, lichero pamiyendo, akusankha nyemba. Nthawi zina sankayang'ana n'komwe, ankangomva kuti bambowo asiya mpata, iwo n'kulowapo.

Vuto la a Kalisto linali limodzi: chinthu chosamveka sankachilola kudutsa. Panali katuni ina imene ana ankaikonda kuposa zonse, ya mudzi womangidwa pamwamba pa mitambo. Mwini nkhani anali tonde wovala jekete, ana anamutcha Zondiwe, ndipo anali ndi mkazi wake wolongolola. Aliyense akanangoonera n'kuseka. A Kalisto ayi. Ankadina rimoti, chithunzi n'kuima, iwo n'kufunsa kuti anthu a kumitamboko amadya chiyani popeza munda sukuoneka. Ankayankha okha kuti amalima bowa, poti bowa amakonda nkhungu. Nanga kuzizira? Nkhungu ya paphiri la Dedza mwezi wa Juni ana onse amaidziwa, ndiye kumtunda kwake munthu angayende bwanji wopanda juzi? Ankati amadzola mafuta a nkhosa thupi lonse, n'chifukwa chake amanyezimira. Tsiku lina mwana wina anafunsa za chimbudzi. A Kalisto anaganiza kanthawi, kenako anati n'chifukwa chake mvula yoyamba sitimwa. Ana ena mpaka lero amakana madzi a padenga.

Koma penipeni pa mkangano panali pa kugwa. Zondiwe ankaterereka kumitambo kuja, kugwa mpaka pansi, kuphwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa, kenako n'kudzuka, kudzisasa, kumapita. Apa a Kalisto ankaimitsa nthawi zonse. Lero ati wagwera pamulu wa makoko a nyemba. Loweruka lina ati jekete lakodwa mu nthambi ya paini n'kumutsitsa pang'onopang'ono, kungoti kamera sinaone. Chifukwa chinkayenera kupezeka basi.

A Jestina zinkawatopetsa. "Bambo a Wezzie, anawa abwera kudzaseka, sanabwere ku katekisimu. Mbuzi yovala jekete mwaivomera, ndiye mukukanira pa kugwa?"

A Kalisto ankayankha kuti jekete aliyense akhoza kuiveka mbuzi, iwo anaonapo oledzera akuchita zomwezo paukwati. Koma kugwa kuchokera kumwamba n'kudzuka kumafuna chifukwa. Ankati dziko limene chilichonse chimatheka, mwana saopera mbuzi, ndipo kuseka kopanda mantha pang'ono sikuchedwa kutha. A Jestina ankati kuseka ndi kuseka, kulibe kwa sitandade wani ndi kwa fomu folo. Akaona kuti kufotokoza kwatalika, ankatenga mawu a mkazi wa Zondiwe, chithunzi chili chiimire, n'kunena kuti, "Inu bambo a rimoti, tadinani, mwamuna wanga wauma khosi." Apa ndiye ana ankagubuduka pansi. A Kalisto ankati akuseka chifukwa amvetsa. A Jestina ankati akuseka chifukwa atopa. Ine kunja kuno ndinkaseka ndekha, ogula n'kumandiyang'ana. Mkangano umenewu unali wa zaka, ndipo ndikuganiza kuti ukwati wawo unkakhalira pomwepo.

A Jestina anagwa kudimba chaka chino, nyengo yokolola. Anati mutu, kenako anakhala pansi pakati pa mizere ya kabichi. Anawatengera kuchipatala ku Boma, anabwerako ali m'bokosi. Palibenso zambiri zoti ndinene pamenepo.

A Kalisto sanalire. Sindikunena mowanyoza. Pamaliro anakhala pamene anawakhazika, kudzuka pamene anawadzutsa. Sipika ya akwaya inkachita phokoso, iwo ananyamuka mwakachetechete, kukakonza waya, kubwerera pampando. Kumanda anaponya dothi ngati akuthira feteleza paphando. Atameta, chitseko chabuluu chija chinakhala chotseka. M'mawa ankatuluka, kukhala pakhonde atavala chikhoti, manja m'matumba, kuyang'ana magalimoto a pa M1. Ndikawapatsa moni ankayankha bwinobwino, ndi ulemu wonse, koma ngati akuwerenga. Tiyi ankazizira pambali pawo mpaka nkhuku kumugubuduza. Wezzie ankadya kwa azakhali ake, n'kubwera kudzakhala pafupi ndi bambo ake.

Tsono kuno mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa. Akuchikazi amaitana abale ake, amamuthokoza, amamumasula kuti abwerere kwawo akayambe moyo wina. Ana amatsala, poti ndi a mbumba ya mayi. Sikuti amachita kumuthamangitsa ayi. Amene wakhala bwino ndi anthu akhoza kukhala, makamaka ngati pali mwana wamng'ono. Koma pamafunika mawu.

Mwini mbumba ndi a Rafaelo, mlongo wawo wa a Jestina, amene amagula kachewere wopititsa ku Lilongwe. Si munthu woipa, kungoti amalankhula ngati akutsitsa matumba. Anabwera pabenchi panga kudzagula anyezi amene sankawafuna, n'kuyamba kudandaula. Anati akwawo kwa a Kalisto atumiza mawu kuti abwera Lamulungu likubweralo ikatha Misa, kudzamva za m'bale wawo. Anati iwo alamu awowo alibe nawo chifukwa, koma sangamange mwamuna wamkulu pamudzi wa eni ngati mbuzi yapachingwe, mwina mtima wake uli ku Mphunzi. Anawafunsa kale, yankho linali lakuti zili kwa inu. Anawafunsanso, zili kwa inu. Ndiye munthu wosadya, wosalankhula, angasunge bwanji mwana? Akapanda kunena ndi pakamwa pawo, awasudzula, Wezzie apita kwa azakhali ake.

Ndinapita kwa a Kalisto ndi kambale ka futali, ndinawauza zonse mmene ndinazimvera. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati mkamwini sapempha malo. Anati akapempha, akuchikazi avomera chifukwa cha manyazi, kenako azidzanena kumbali kuti anakakamira dimba la malemu. Ndinawafunsa za Wezzie. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali, n'kunena kuti azakhali ake amaphika bwino. Mawu ake analibe chilichonse mkati, ngati akunena mtengo wa batire. Futali ndinakaipeza madzulo ili momwemo.

Ndiye onani zimenezo. Uyu akudikira kufunsidwa mokakamiza chifukwa cha ulemu, uyo akudikira kupemphedwa chifukwa cha ulemu, mwana ali pakati.

Ana a pamsika sanasiye kubwera. Loweruka lililonse ankafika, kukhala m'mbali mwa khoma kuothera dzuwa, kenako kubalalika. Loweruka lomaliza lisanafike Lamulungu lija, kunali nkhungu yoti galimoto zinkayenda zitayatsa nyali. Ndinangomva chitseko chikulira. Wezzie anali atatenga kiyi m'chikhoti cha bambo ake. Analowetsa anzake, n'kuyamba kulumikiza mawaya mmene ankaonera. Sipika inalira mokuwa moti agalu anathawa. A Kalisto ananyamuka pakhonde. Sindikuganiza kuti anaganiza chilichonse, waya wolakwika ndi umene unawadzutsa, ngati pamaliro paja. Analowa, anasintha mawaya, phokoso linatha. Mwana wina anawapatsa maikolofoni, iwo analandira poti inali itafika kale m'manja.

Ine ndinasiya benchi, ndinakaima pakhomo. A Rafaelo anali pafupi akuyang'anira anyamata opakira matumba, nawonso anasendera.

Inali ya Zondiwe yomwe ija. A Kalisto ankanena mawu a tondeyo mosakweza, mosatsitsa, ngati wolengeza zapamaliro. Mkazi wa Zondiwe atatulukira, anasiya mpata monga mwa masiku onse. Pakamwa pa mbuzi yaikaziyo pankatseguka, kutsekeka, mawu osatuluka. Kireti inali pomwe paja. Palibe mwana amene anayesa kulowapo. Mpata utatha, a Kalisto anapitiriza.

Kenako Zondiwe anaterereka. Anagwa, anaphwatalala, anadzuka. A Kalisto sanadine. Rimoti inali pamwendo pawo, sanaikhudze. Ndipo ana anaseka, ndisaname, anaseka kwambiri, ena mpaka kumenya mabenchi. Mumtima ndinati a Jestina, mwawina muli kumanda.

Wezzie yekha sanaseke. Anatenga rimoti pamwendo pa bambo ake, anabweza pambuyo, anaimitsa pamene tonde wagona chophwatalala.

"Simunanene. Adzuka bwanji?"

A Kalisto anayang'ana chithunzicho. Maikolofoni inali pakamwa, ndiye kupuma kwawo kunkamveka mpaka kunja.

"Kumeneko amangodzuka," anatero. "Kuno ayi."

"Zakuno ndikuzidziwa," anatero Wezzie. "Ndikufunsa za Zondiwe."

Kenako a Kalisto anayamba, mawu akukoka ngati njinga yokwera chitunda. Anati wagwera pamulu wa makoko a nyemba. Kamtsikana kena ka kutsogolo kanakana, kati makoko ananena kale, ndiponso pachithunzipo pakuoneka mwala. Wina anati mwina jekete ndi lathonje. Wina anati thonje silingathandize, iye anagwapo mumtengo wa pichesi atavala juzi ziwiri. Anayamba kukangana okhaokha, aja omwe amaseka aja. A Kalisto anayang'anitsitsa mwalawo, n'kuvomera kuti ndi mwaladi. Anati sakudziwa. Anati awapatse nthawi akaganize, adzawauza Loweruka.

"Loweruka liti?" anafunsa Wezzie.

A Kalisto anatenganso rimoti ija. Anadina, filimu inapitirira mpaka kutha, ana anatuluka akukanganabe za mwala.

A Kalisto anatuluka pomaliza. Anatseka chitseko, anaika kiyi m'thumba. Ataona a Rafaelo anavula chipewa, ananjuta pambali pa matumba a kachewere, pamaso pa anyamata opakira ndi ine ndemwe. Nkhope inali yomwe ija, yosasintha.

"Alamu, ndawauza ana kuti Loweruka. Kaya n'zololedwa kupempha, sindikudziwa. Ndikupempha ndikhale ndi mwanayu."

A Rafaelo anakanda kumutu, anayang'ana kumbali. Anati akhala akudikira mawu amenewa mpaka anyezi wadzaza nyumba, ndipo dzukani, mukundichititsa manyazi pamsika. Anatinso mawa adzanene chimodzimodzi pamaso pa akwawo, osayambanso zija za zili kwa inu.

Lamulungu akwawo anabwera, anamwa thobwa, a Kalisto ananena mawu awo aja osawonjezera ngakhale limodzi, alendo anabwerera ku Mphunzi okha.

Musaganize kuti munthu anachira. Amakhalabe pakhonde, tiyi amazizirabe, kungoti pano Wezzie amawaimirira mpaka amwe theka. Loweruka lotsatira anawauza ana kuti mwala uja unali wa thovu louma, logwa kumitambo komweko anthu akamachapa. Ana ena anavomera, ena anati n'zabodza, onse anabweranso. Pena amaimitsa filimu, pena amaiwala, ana amaseka konsekonse. Ndani ankanena zoona pakati pa awiri aja, ine sindikudziwa, ndimagulitsa tomato.

Mawu a akazi mpaka pano palibe amene amanena. Ndinadzipereka tsiku lina, poti pakamwa ndili napo. Anandithokoza ndi ulemu wonse, n'kunena kuti ayi, pakhale choncho. Ndiye mkazi wa Zondiwe akatulukira, khoma limakhala chete kanthawi, ine n'kudziwa pamene filimu yafika.