Sukulu ya a Reino Inkadikira Chipale

A Reino Salmela ndakhala nawo moyandikana zaka zambiri, mpanda wathu ndi umodzi, koma mawu awo ndinayamba kuwamva bwino atapatsidwa mdzukulu woti azimulera. Moyo wawo wonse ankayendetsa galimoto yokankha chipale chofewa m'misewu ya mumzinda wathu wozizira uno wa Duluth. Ntchitoyo anailowa ali mnyamata, n'kuituluka ndi imvi, bondo lolimba ndi khutu limodzi losamva. Anzawo akapuma pa ntchito amagula bwato. A Reino anagula fosholo ina.

Mwana wawo wamkazi, Britta, ndi namwino. M'mawa uliwonse popita ku chipatala ankasiya mwana wake Linnea, wa zaka zitatu, kwa agogo akewo. Mayi Marlys, akazi awo a Reino, ankagwirabe ntchito ku laibulale mpaka masana, choncho m'mawa wonse mwana ankatsala ndi a Reino. Munthu amene kale ankangondigwedezera mutu anayamba kundiimitsa pa mpanda kuti andiuze zimene mwana wadya, ndi zimene wakana.

Tsiku lina, Khirisimasi itangodutsa, Britta ananena zimene zinali kumtima kwake. Ndinali pomwepo, ndikubweza makwerero amene ndinabwereka.

"Bambo, Linnea ndamulembetsa ku sukulu ya mkaka. Akuti malo apezeka cha ku Pasaka. Ana anzake akudziwa kale zilembo. Uyu akudziwa kuti fosholo iyi ndi ya chipale chonyowa, iyo ndi ya chouma."

"Chimenechonso n'chidziwitso," anatero a Reino.

"Malo akapezeka ndimupititsa, pokhapokha ndione kuti pano akuphunzira kanthu."

"Aphunzira."

"Aphunzitsi ake inuyo?" anafunsa Mayi Marlys ali kukhitchini. "Munthu amene khadi la Khirisimasi limakutengerani mlungu kuti mulembepo dzina lanu lokha?"

A Reino anayang'ana mwana amene ankawavula jombo pakhomo, kenako anayang'ana kumwamba.

M'mawa mwake chipale chinali chitagwa chambiri. Ndili pawindo ndinawaona akuyeza bwalo la kuseri ndi mapazi, kuchokera pa galaja mpaka pa mpanda. Kenako anayamba kukumba. Pofika nthawi ya khofi, pabwalopo panali chilembo cha A chachikulu ngati basi, makoma ake ofika m'chiuno mwa mwana. Linnea analowamo atavala jekete yofiira, akukankha kafosholo ka pulasitiki, agogo ake akumulankhula monga ankalankhulira pa wailesi ya m'galimoto.

"Galimoto yaing'ono, kwera molunjika. Imika. Pamenepo sungakhote, m'pothina. Bwerera m'mbuyo."

Mwana ankabwerera chafutambuyo akulira ngati galimoto ya khonsolo, pi, pi, pi, kenako n'kutsika mbali inayo.

Ine zilembo ndinaphunzirira pa sileti, kwa mphunzitsi amene sankaseka, choncho si ine woyenera kuweruza njira za anthu ena. Ndingonena kuti mwanayo ankachita kunyamulidwa polowa m'nyumba, masaya ali psu.

Koma sukuluyi inali ndi lamulo limene palibe anakwanitsa kuligwedeza: chilembo chatsopano chinkadikira chipale chatsopano. Pa chipale chakale a Reino sankalembapo. Munthu satulutsa galimoto kusanagwe kanthu, ankatero. Motero maphunziro ankayenda malinga ndi azanyengo. Mu Januwale kunagwa mosalekeza, ndipo ophunzira anathamanga mpaka pa H. Mu Febuluwale kunazizira koma kumwamba kunauma, ndipo anakhala pa J mpaka mwana anayamba kuiyenda atatsinzina.

Mayi Marlys anabwera ndi mabuku a zithunzi ochokera ku laibulale, anagulanso mapepala ndi makrayoni.

"M'nyumba muno muli mapepala, Reino. Anthu ena amalemba atakhala pampando, osatuluka thukuta."

"Pepala n'laling'ono. Mwana sangalowemo."

Inenso ndinayesako, mwaulemu. Ndinawakumbutsa pa mpanda kuti zilembo n'zambiri ndipo nyengo yozizira ili ndi polekezera.

"Chaka chija ndinathyola giya pa phiri kunagwa mpaka Meyi," anayankha. Nkhani inathera pomwepo.

Chaka chino sikunagwe mpaka Meyi. Kumapeto kwa Malichi kunabwera mphepo yofunda. Chilembo cha M, chimene anachikumba mosamala kwambiri, chinafwa miyendo, n'kusanduka chithaphwi choti abakha akanatha kusambamo. Mlungu womwewo a ku sukulu ya mkaka anaimba foni: malo apezeka, yankho likufunika Lolemba.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi a Reino anagogoda pakhomo panga, chinthu chimene sanachitepo.

"Bwerani mudzamwe khofi. Britta wabwera ndi makadi a zilembo. Inu munkaona, mukakhale mboni."

Ndinapita. Linnea anamukhazika pampando wake wautali, amayi ake moyang'anizana naye. A Reino anavala shati ya ku tchalitchi mpaka batani la pakhosi.

Britta anakweza khadi la A. "Ichi n'chiyani, mwanawe?"

"Chothina pamwamba," anatero Linnea. Anaika chala pansi pa chilembocho, n'kukwera nacho, n'kuima pansonga. "Pi, pi, pi." Anatsika mbali inayo. "Kanjira ka pakati timamalizira."

"Eya, koma dzina lake?"

"Ndanena kale. Chothina pamwamba."

Britta anakweza D.

"Mimba ya agogo."

Anakweza L.

"Changa. Kukhota kamodzi basi, n'kupita kukamwa koko wotentha."

Anakweza S. Mwana anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu monga amachitira agogo ake.

"Uku sitinapiteko. Sikunagwe."

Britta anaika makadi patebulo. Ndinaona kuti akulimbana ndi pakamwa pake kuti asaseke.

"Bambo, mayina a zilembozi munamuuzako?"

A Reino anatembenuza khutu lomva. Britta anabwereza funso lija.

"Sanafunse," anatero.

"Ine sindikudabwa," anatero Mayi Marlys akuthira khofi. "Zaka zonse zija m'misewu, bambo akowa sanatchulepo msewu ndi dzina lake. Wa phiri loterera uja. Wa galu wolusa uja. Wa mayi woimika galimoto pakati uja. Tsiku lobadwa iwe anandifunsa kuti chipatala chake n'cha pamsewu wothina uja kapena wa mitengo uja, ine ndili m'matenda."

"Tinafika," anatero a Reino.

"Ndiye ku sukulu akamufunsa, azikayankha kuti mimba ya agogo?" anatero Britta.

"Akaiona avomereza," anatero amayi ake.

Kenako anandiyang'ana ine, mboni. Ndinanena zimene ndinaona: kuti kuyambira A mpaka M palibe chimene mwanayo angachisokoneze ndi chinzake, ndiponso kuti palibe chimene angachitchule. Sindikudziwa ngati umboni wanga unathandiza mbali iliyonse.

A Reino ankazunguza kapu pa mbale yake. "Ndiye ukumutenga," anatero, osati mofunsa.

Britta anayang'ana mwana wake. Linnea anali atayala makadi onse patebulo, akuyendetsa chala pa K, akulira rivesi chapansipansi.

"Azipita Lolemba mpaka Lachitatu, akamve mayina, akaonenso kuti padziko pali ana ena. Lachinayi ndi Lachisanu ndi wanu. Koma kuyambira N mpaka Z ndikuzifuna chaka chomwe chino, ndi mayina ake omwe."

"Popanda chipale sizingatheke."

"Ndiye azipita masiku onse."

A Reino anakankhira kapu pambali. "Ndiona," anatero.

Mumsewu wathu muno mwamuna amadziwika ndi kapinga wake, ndipo wa a Reino ndiye ankakhala wamfupi kuposa onse. Koma Meyi atalowa, aliyense akutchetcha, bwalo lawo la kuseri linasiyidwa. Udzu unafika m'katumba. Mayi wina wa kutsidya kwa msewu anandifunsa ngati bambowo akudwala. Ndinati sindinamve.

Lachinayi lina m'mawa ndinamva makina otchetchera akulira. Linnea anali atakhala pakhonde, manja m'makutu, akudikira chilolezo. A Reino anakwera molunjika kuchokera pa galaja, anatsika mopingasa, anakweranso, n'kuzimitsa injini. Mwana anatsika pakhonde, n'kulowa m'kanjira kaudzu, n'kukayenda mpaka kumapeto.

"Ichi dzina lake N," anatero agogo ake mokweza, ngati munthu amene akuwerenga chidziwitso cha khonsolo.

"Chothina kawiri."

"N."

"Chothina kawiri, agogo. Simukuona?"

A Reino anavula chipewa, anapukuta mphumi, n'kuyang'ana kwa ine pa mpanda.

"Sakunama," anatero. "Kapinga wanu wa kutsogoloyo musamutchetche kaye. Wanga sakwanira mpaka Z."