Kaputeni Amene Ndinamuukitsa ndi Guluu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha buku la nyimbo la amayi. Linali lothothoka masamba, ine n'kulisoka ndi ulusi wa nsapato. A Tembo, amene ankayimba kwaya ndi amayi, analitembenuza kawiri n'kufunsa kuti wasoka ndani. Lolemba lake ndinayamba ntchito m'kashopu kawo ku Katondo, kobwereketsa ndi kukonza mabuku akale.

Ndinkachoka ku Makululu wapansi, kufika fumbi lili m'maondo. Zida sizinali zambiri: msomali wonola woboolera, singano yaikulu, ulusi, guluu wa matabwa, nsanza za chitenje zomata kumsana kwa buku, ndi chidutswa cha njanji chotsindikira. Ukasanja masamba umawapana pakati pa matabwa awiri, kuboola mabowo asanu, kusoka, kumata, kenako njanji pamwamba mpaka mawa. Tsiku ndi tsiku zomwezo. Zala zinatuluka matuza, ndipo ndinafika podana ndi fungo la pepala.

Shelefu yodzaza kwambiri inali ya nkhani zopeka za sayansi, za zombo zopita ku nyenyezi, zija nkhani imodzi imatenga mabuku asanu ndi awiri. Sindinkaziwerenga, koma manja anga ankazidziwa. Buku loyamba ndinkalisoka mwezi ndi mwezi, lakuda bii ndi thukuta la anthu. Lachinayi mwa apo ndi apo. Lomaliza palibe ankalikhudza. A Tembo ankati umenewo ndi umboni woti olemba amatopa, amayamba ndi moto n'kumaliza ndi phulusa.

Mmodzi yekha anafika kumapeto, a Mwanza a ku Chowa, amene anapuma ntchito ya njanji. Maso awo anali akuchita ng'ala, ankawerenga ndi galasi lokuza zilembo, tsamba limodzi kwa nthawi yaitali. Mabuku asanu ndi limodzi anawatengera chaka. Atapempha lomaliza anati, "Iyi ndiye ya last pa umoyo wanga, mwana wanga. Maso yasila."

Nditalitsitsa pashelefu linasweka zigawo zisanu, guluu wake anali atauma kalekale. Chiswe nachonso chinali chitadya m'munsi, momwe mumakhala manambala a masamba. Tsiku limenelo ndinali nditasoka mulu wa mabuku a sukulu, msana ukuwawa. Ndinayang'ana zigawozo mwachidule, ndinati zili bwino, n'kuboola.

Patapita masabata atatu a Mwanza anabwera, nkhope ili gwa. Analiponya bukulo patebulo.

"Ba Tembo, munakamba zoona, aba ma writer bamalema. Kaputeni anafa, tamulira, bamuponya mu nyenyezi. Manje nivununkula pepa, nimupeza ali kudya! Palibe na explanation."

A Tembo anaseka mpaka kutsokomola. A Mwanza atatuluka ndinatsegula bukulo, ndipo sizinatenge nthawi. Chigawo chachinayi ndinali nditachiika patsogolo pa chachitatu. Kaputeni uja anaukitsidwa ndi ine.

Ndinawauza a Tembo. Kuseka kunatha. "Khala zii," anatero. "Bonse baziba kuti ma last book ni yoipa. Bakamvera kuti tisokoneza mapepa, nindani azabweresa buku pano?"

Ndinakhala pansi, singano m'manja. Ntchitoyo ndinkaifuna, ngakhale inkanditopetsa. Koma nkhalamba ija inali itathera maso ake otsala pa bodza langa, ndipo ikanapita nalo kumanda ikutukwana wolemba wosalakwa. Ndinatuluka osatsanzika. Ndinawapeza a Mwanza pa siteji, akudikira minibasi ya ku Chowa, ndipo ndinaulula zonse mutu uli pansi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Masabata yatatu ya maso yanga, mwana wanga. Nizayatenga kuti?"

Mawa lake ndinadula ulusi, ndinasanja zigawo powerenga mzere womaliza wa chilichonse ndi woyamba wa chotsatira, n'kusokanso. A Tembo anatha sabata osandiyankha moni, koma sanandichotse. A Mwanza sakanathanso kubwereza okha, choncho Loweruka lililonse masana ndinkapita ku Chowa kukawawerengera pakhonde. Chingerezi changa chinkapunthwa pa mayina a nyenyezi, iwo n'kumandikonza maso ali chitsinzinire.

Tinamaliza Loweruka lachisanu. Ndinatseka buku n'kudikira, mtima ukufuna kuti anene kuti linali lokoma.

"Ni yoipa ndithu," anatero. "Anali analema uyu muntu. Koma manje nikalipira mwine wake."

Mpaka lero ndimasoka mabuku, ndipo anthu amandifunsabe ngati omalizira amakhaladi ozizira. Ndimati ambiri inde. Koma buku lobwera dzuwa litapendeka, manja atalema, ndimaliika pambali mpaka m'mawa. Wolemba angatope kumapeto, ndi buku lake. Ine ndinatopera pa maso a munthu wina.